Maliboni pa manyenje a poni: mafunso ndi mayankho

Kuno ku Mulanje mwana amatha kukula mpaka kumanga banja asanaonepo hatchi ndi maso ake. Komabe zithunzi zimafika. Ena amaziona pa kanema, ena amazilandira pa WhatsApp kuchokera kwa abale amene ali ku Joni: timahatchi tonyezimira ngati atidzoza mafuta, tsitsi la pakhosi litalukidwa mwaudongo, maliboni akulendewera m'mbali mwa mutu. Amene waona amafunsa, ndipo mafunso ake ndi omveka.

Kodi poni ndi mwana wa hatchi?

Ayi. Mwana wa hatchi amakula n'kufanana ndi make, pamene poni ndi mtundu wa hatchi umene umakhalabe waufupi ngakhale utakalamba. Amaiyeza kuchokera pansi kufika pa linunda, pamene khosi lakumana ndi msana. Bungwe la FEI, limene limayang'anira masewero a mahatchi pa dziko lonse, limati poni isapitirire masentimita 148 ikakhala yopanda zitsulo ku ziboda. Ya ku zilumba za Shetland, kumpoto kwa Scotland, ndiye yaifupi zedi: ku Britain siloledwa kupitirira masentimita 107, moti munthu wamkulu imamulekeza cha pamchombo.

Kufupikako kusakunamizeni. Maponi ndi nyama zolimba, za khosi lonenepa ndi ubweya wambiri, chifukwa kwawo n'kozizira ndipo msipu ndi wosowa. Mu 1842 dziko la Britain linaletsa amayi, atsikana ndi anyamata osakwana zaka 10 kugwira ntchito pansi pa migodi ya malasha, ndipo maponi ambiri anatsitsidwa m'migodimo kukakoka ngolo mumdima. Mtundu womwewo ndi umene lero ana amakwera pa zionetsero utavekedwa maliboni.

Nanga kuluka tsitsi la nyama kunabwera bwanji?

Kunayamba ndi ntchito, kukongola kunadza pambuyo. Manyenje, tsitsi lalitali lija la pakhosi, akasiyidwa amakolana ndi zingwe zimene wokwera amawongolera nazo hatchi. Pa hatchi yokoka ngolo amalowa pansi pa goli la chikopa n'kumanyuka, ndipo m'tchire amakola minga ndi zitsotso. Kuluka kunali kuchotsa vuto limenelo. Kenaka oyendetsa ngolo anayamba kupikisana kuti wasamala bwino nyama yake ndani. Ku London, chionetsero cha mahatchi okoka ngolo chinayamba mu 1885, ndipo cholinga chake chachikulu chinali kulimbikitsa anthu kuti azisamala nyama zimene zikuwadyetsa.

Pa chionetsero cha masiku ano chifukwa china ndi oweruza. Iwo amafuna kuona khosi lonse, kuyambira kuseri kwa makutu mpaka pa linunda, ndipo tsitsi lomwazika limabisa. Woluka wodziwa ntchito amathanso kukonza maonekedwe. Khosi likakhala lalifupi amaluka timfundo tambiri ting'onoting'ono kuti lioneke lalitali. Likakhala lalitali mopitirira amachepetsa timfundoto. Likakhala lowonda amatikhazika pamwamba penipeni kuti lioneke lodzaza. Si chinyengo, poti oweruza nawo amazidziwa, koma diso limakopeka ndithu.

Ndiye kuti poni iliyonse ya pa chionetsero imavala maliboni?

Iyayi, ndipo apa m'pamene alendo pa ntchitoyi amalakwitsa. Dziko lililonse, mtundu uliwonse wa hatchi, ngakhale gawo lililonse la mpikisano lili ndi mwambo wake.

Ku Britain, maponi okwera ana pa mpikisano wa kukongola amalukidwa timfundo tozungulira, tosokedwa ndi ulusi wofanana ndi tsitsi, popanda riboni m'manyenjemo. Mwambo wakale umati timfundo ta pakhosi tikhale tosagawika pawiri, monga 9 kapena 11, kenaka kamodzi ka pa tsumba la pamphumi. Maliboni amaoneka pa lamba wodutsa pamphumi, amene amakulungidwa ndi nsalu za mitundu iwiri kapena itatu. Koma maponi a mitundu ya kumapiri, monga a Shetland, a Highland, a Dartmoor ndi a Exmoor, akamapikisana m'gawo la mtundu wawo salukidwa n'komwe. Tsitsi lambiri ndi chizindikiro cha mtunduwo, ndiye amangolitsuka ndi kulipesa.

Ku America n'kumene riboni imalukidwa m'tsitsi lenilenilo. Pa mahatchi a Saddlebred ndi a Tennessee Walking Horse, komanso pa maponi ena a Shetland a kumeneko, amene bungwe lawo linayamba mu 1888, amaluka malo awiri okha: tsumba la pamphumi ndi kagawo koyamba ka manyenje kuseri kwa makutu. Tsitsi lotsalalo limasiyidwa kuti lizikupiza nyama ikamathamanga. Mahatchi akuluakulu okoka katundu, a Shire ndi a Clydesdale, ali ndi kalukidwe kawokawo: nsalu yaitali imalukidwa motsatira msana wa khosi lonse, n'kuzikamo timaluwa kapena timbendera toimirira.

Wogwira ntchito m'khola asayambe waluka asanafunse kuti nyamayo ikalowa gawo liti. Ntchito yokongola ya maola awiri ikhoza kumasulidwa pa chipata.

Tatiuzani mwatsatanetsatane, riboniyo imalowa bwanji m'tsitsi?

Ntchito imayamba dzulo lake. Manyenje amatsukidwa ndi kupesedwa, koma osawapaka mafuta oterera, chifukwa tsitsi loterera limapulumuka m'zala ndipo riboni imavuka nyama ikangopukusa mutu. Tsiku la chionetsero woluka amadzuka kusanache. M'thumba la epuloni muli chipeso, sizasi, timphira ndi kasiponji konyowetsera tsitsi. Maliboni amakhala odulidwa kale, atatu pa luko lililonse, m'lifupi ngati chala, ndipo amawadula aatali kuposa mmene akufunira chifukwa kuluka kumadya utali.

Poni imamangidwa pamalo oyera, munthu wina ataigwira kumutu. Woluka amaimirira m'mbali, pa kampando ngati nyamayo ndi yaitali, n'kupatula kagawo kochepa ka tsitsi kuseri kwa makutu. Kagawo kochepa ndithu, kosaposa pensulo kunenepa. Akatenga tsitsi lambiri luko limatupa ndipo riboni imamira. Amalinyowetsa, n'kusanja maliboni atatu aja pamodzi pa tsinde la tsitsilo, nsonga zake zitatsala pang'ono kumtunda. Mnzake uja amapana nsongazo ndi zala kuti zisatsetsereke. Apo woluka amagawa tsitsi patatu, gawo lililonse ndi riboni yake, n'kuyamba kuluka monga mwa nthawi zonse, la kumanja pakati, la kumanzere pakati, uku akutembenuza riboni kuti izikuta tsitsi ndipo mbali yonyezimira izikhala kunja.

Mapindidwe atatu kapena anayi oyambirira ndiwo mwini nkhani. Akakhala olefuka, luko lonse limatsika. Akakhala othina kwambiri, khungu limakokeka ndipo nyama siikhazikika. Tsitsi likatha woluka saima, amapitiriza ndi maliboni okha mpaka utali umene akufuna, n'kumanga mfundo pogwiritsa ntchito riboni imodzi kuzinga zinzake. Nsonga za kumunsi ndi za kumtunda amazidula mopendeketsa kapena mwa mphanda kuti zisayoyoke. Luko la pamphumi limachitidwa chimodzimodzi, kenaka limapisidwa pansi pa lamba wa kumutu n'kupita nalo m'mbali kuti lisamamenye m'maso.

Kalukidwe ka ku Britain kamasiyana kumapeto. Luko likafika kunsonga amalisoka, n'kulipinda pawiri, n'kulipindanso mpaka likhale kampira, kenaka singano imadutsa pakati kangapo. Singano yake ndi yobuntha, ndipo oluka osamala salukira pa udzu wogonapo nyama. Singano ikagwera mu udzu siipezeka msanga, ndipo mawa ikhoza kupezeka m'chiboda kapena m'kamwa.

Kodi mitundu ya maliboni ili ndi tanthauzo?

Pa mutu ndi pakhosi, kawirikawiri mtundu umasankhidwa kuti ugwirizane ndi khungu la nyama, zovala za wokwera kapena mitundu ya khola limene yachokera. Kumchira ndiye nkhani ina. Riboni yofiira pa mchira ndi chenjezo lodziwika m'maiko ambiri: nyama iyi imamenya theche, musayandikire kumbuyo. Yobiriwira imanena kuti nyamayo ndi yaing'ono, sinazolowere gulu. Mitundu ina, monga yosonyeza mphongo yosathena, imasiyana malinga ndi dziko.

Maliboni a mphoto nawo amasokoneza. Ku Britain wopambana amalandira yofiira, wachiwiri yabuluu. Ku America n'zotembenuza: yabuluu ndiye ya woyamba.

Nanga nyamayo simva kuwawa?

Funso ili ndi limene liyenera kukhala patsogolo pa onse. Tsitsi lenilenilo silimva kanthu, koma mizu yake ili m'khungu lamoyo. Luko lothina limakoka khungu nthawi iliyonse imene poni yaweramitsa mutu kuti idye, ndipo nyama ilibe pakamwa ponenera. Imangopukusa mutu, kukhuza khosi pa mtengo, mpaka tsitsi kuthothoka. N'chifukwa chake oluka abwino amasiya tsinde lomasukirako, ndipo mpikisano ukangotha amamasula tsiku lomwelo. Kusiya timfundo masiku angapo pofuna kupeputsa ntchito ya mawa ndi nkhanza, ngakhale wochitayo asakudziwa. Kamphira kapena nsalu yomangidwa mothina pa fupa la mchira ndiye yoopsa koposa, chifukwa imatseka magazi ndipo mchira ukhoza kuwonongekeratu.

Tikumbukirenso kuti tsitsili lili ndi ntchito. Tsumba la pamphumi limaingitsa ntchentche m'maso, manyenje amatchinga khosi ku mvula ndi dzuwa, mchira ndiwo litchowa la nyama. Tikaluka timailanda chitetezo chimenecho kwa maola angapo, ndipo tiyenera kuibwezera msanga.

Pali miyambo ina ya pa zionetsero imene ine sindingaiikire kumbuyo. Kuzula manyenje ndi mizu yomwe kuti apyapyale kumapweteka nyama zambiri, ndipo zipeso zodula tsitsi popanda kuzula zilipo. Kudula fupa la mchira kuti hatchi ioneke bwino kunaletsedwa ku Britain mu 1949. Kumeta tindevu ta pamlomo ndi m'mbali mwa maso, timene nyama imafufuzira zinthu zimene siingathe kuziona pafupi, kunaletsedwa ku Germany mu 1998, ndipo FEI inaletsa pa mipikisano yake kuyambira mu 2021. Malamulo amenewa anachedwa, koma akusonyeza kuti anthu a mahatchi eni ake anafika povomereza kuti si chilichonse chokongola m'maso mwa munthu chimene chili chabwino kwa nyama. Riboni yolukidwa bwino n'kumasulidwa madzulo ilibe mlandu. Mlandu umabwera pamene mphoto yakula kuposa nyama.

Bwanji kuno kwathu mahatchi ndi osowa chonchi?

Chifukwa chachikulu ndi matenda. Pali nthenda ya mahatchi ya mu Africa muno imene imafalitsidwa ndi tizilombo touluka tating'ono kuposa udzudzu, toluma madzulo ndi m'bandakucha, makamaka nyengo ya mvula. Ikagwira mahatchi osabayidwa katemera imatha kupha 9 mwa 10 alionse. Mu 1854 ndi 1855 inapha mahatchi pafupifupi 70,000 ku Cape. Mbidzi zimakhala nako kachilombo koyambitsa nthendayi osadwala, abulu nawo amapirira, n'chifukwa chake ngolo za abulu mumaziona ku Dedza ndi ku Lilongwe koma za mahatchi ayi. Ku South Africa katemera wake amapangidwa ku Onderstepoort, kufupi ndi Pretoria, ndipo eni mahatchi amabayitsa chaka ndi chaka. Onjezanipo kashembe, ntchentche yofalitsa kaodzera wa ziweto, ndi nkhupakupa.

Mbiri ya boma lathu lino ili ndi chipsera cha zimenezi. Tiyi atayamba kudzalidwa ku Mulanje cha m'ma 1891, azungu a m'minda ndi a boma analibe nyama yodalirika yokwera. Ntchito imene kwina inkagwiridwa ndi hatchi kuno inagwa pa mapewa a anthu: amtengatenga ankasenza katundu pamutu, ena ankanyamula bwana pa machila. Agogo athu ambiri, makamaka Alhomwe amene anawoloka kuchokera ku Mozambique n'kukhala m'minda ya azungu pansi pa thangata, anaidziwa ntchito imeneyo ndi matupi awo. Mpaka lero katundu wokwera phiri kuchokera pa Likhubula amakwera pa msana wa munthu.

Chifukwa china ndi malo. Boma lino ndi lothithikana, minda ya tiyi inatenga gawo lalikulu, ndipo banja limene likulimbana ndi kamunda ka chimanga, nandolo ndi chinangwa silingapatule msipu wa nyama yosapereka mkaka. Mahatchi ochepa amene ali m'dziko muno amapezeka m'malo okopa alendo, monga ku Kande m'boma la Nkhata Bay, komanso kwa anthu ochepa amene angakwanitse katemera ndi chakudya chake.

Ndiye kukongoletsa hatchi ndi chizungu basi?

Ayi ndithu. Ku Kano ndi ku Katsina, kumpoto kwa Nigeria, pa chikondwerero cha Durbar chimene chimachitika nthawi ya Eid, mahatchi mazanamazana amatuluka atavekedwa nsalu zopetedwa, zikopa zopakidwa utoto ndi mphonje zolendewera. Ku Ethiopia okwera amakongoletsa mahatchi awo ndi nsalu zofiira pa zikondwerero. Ku Lesotho, poni ya Basotho ndiyo galimoto ya kumapiri kuyambira nthawi ya mfumu Moshoeshoe, ndipo mipikisano ya ku Semonkong imasonkhanitsa midzi yathunthu. Chimene chinachokera ku Britain ndi ku America ndi malamulo a zionetsero ndi kalukidwe kamene tafotokoza kaja. Mtima wofuna kuti chiweto chako chioneke bwino pagulu ndi wa anthu onse.

Mayi woluka tsitsi pa Chitakale kapena pa Limbuli angathe kuluka poni?

Zala zake zikudziwa kale gawo lalikulu la ntchitoyi, ndipo ndikunena izi motsimikiza. Amene amagawa mizere yowongoka ndi nsonga ya chipeso, n'kulowetsa mesh kapena wulu pa tsinde la tsitsi popanda mfundo kuonekera, n'kuluka mofanana kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, sangavutike ndi maliboni atatu. Tsitsi la hatchi ndi lokhuthala ndiponso loterera kuposa lathu, koma zimenezo ndi za masiku ochepa kuzolowera. Amadziwanso kale zimene kuluka kothina kumachita, poti waonapo atsikana tsitsi litathothoka m'mphepete mwa chipumi.

Chimene ayenera kuphunzira ndi nyamayo. Kasitomala wa mu saluni amakhala pansi n'kupirira chifukwa akudziwa chimene akufuna. Poni sidziwa za chionetsero, ndipo ngakhale yaing'ono imatha kulemera makilogalamu pafupifupi 200. Maso ake ali m'mbali mwa mutu, choncho siona bwino chimene chili kutsogolo kwenikweni kwa chipumi kapena kumbuyo kwa mchira. Woluka tsumba akaima maso ndi maso ndi nyama, iyo ikadzidzimuka n'kutukula mutu, amathyoka mphuno kapena mano. Amaima chammbali, amayandikira akulankhula, dzanja limayamba lagwira phewa lisanafike kumutu. Makutu akagonera kumbuyo, mchira ukayamba kukwapula, ndiye kuti nyama yatopa, ndipo wanzeru amaipumitsa. Chingwe sachizengereza pa dzanja, ndipo salowa m'khola ndi mapazi kapena masilipasi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo poni imene yagwiridwa modekha ulendo woyamba imadzaima yokha ulendo wachiwiri.

Nkhaniyi si yongocheza. Kumpoto kwa Johannesburg, dera la Kyalami ladzaza ndi makola ndi mabwalo a zionetsero, ndipo ntchito ya m'makola imagwiridwa kwambiri ndi anthu obwera kuchokera kutali, a kwathu kuno ali m'gulu lomwelo. Wosamalira mahatchi amene amatha kuluka bwino amafunidwa, ndipo ayenera kudziwa kuti luso limenelo ndi la mtengo wake, si lowonjezera laulere pa kukolopa khola. Chimandiwawa n'chakuti pa chithunzi cha mphoto pamaoneka mwana wokwera, makolo ake ndi oweruza, pamene amene anadzuka 4 koloko kukatsuka, kupesa ndi kuluka waima kuseri kwa mpanda atanyamula ndowa. Mu 2018 osamalira mahatchi a mjaha ku Randjesfontein, pakati pa Johannesburg ndi Pretoria, ananyanyala ntchito chifukwa cha malipiro. FEI nayo imapereka mphoto ya wosamalira mahatchi wopambana chaka chilichonse kuyambira mu 2009. Zikuyenda, koma pang'onopang'ono kwambiri, ndipo m'bale wathu amene alibe mapepala okhalira m'dzikomo ndiye amavutika kutsegula pakamwa. Amene muli kumeneko, jambulani ntchito ya manja anu nyama isanalowe m'bwalo. Tsiku lofuna ntchito kwina, zithunzizo zidzakuyankhulirani.

Ife a mbuzi ndi ng'ombe za mkaka tingatolepo chiyani?

Zionetsero za ulimi zimachitika kuno komwe, m'madera a alangizi ndi pa boma, ndipo chachikulu chimachitikira pa Chichiri mu mzinda wa Blantyre. Mlimi wa m'gulu la mkaka amene akutengera ng'ombe yake kumeneko angatsate ndondomeko ya anthu a maponi, imene imayamba miyezi ingapo tsikulo lisanafike. Khungu lonyezimira limachokera m'mimba: chakudya chokwanira, madzi, mankhwala a njoka ndi kuchotsa nkhupakupa. Kenaka kuzoloweretsa nyama kuyenda pa chingwe ndi kuima anthu akuigwira, kupesa tsiku ndi tsiku, kusenga ziboda. Kusambitsa kumabwera dzulo lake. Riboni ndi yomalizira, ndipo oweruza odziwa ntchito amayang'ana nthiti, miyendo ndi bere asanayang'ane chimene chamangidwa m'khosi.

Mukafuna kuiveka, mangani riboni pa chingwe cha kumutu kapena pa lamba wa m'khosi, momasuka moti zala ziwiri zizilowa. Musamange pa mchira, pa khutu kapena pa tsinde la nyanga. Sankhani ya nsalu, osati ya pulasitiki ija yokulungira mphatso, ndipo muichotse musanabwezere nyama m'khola. Mbuzi imatafuna chilichonse chimene chalendewera pa inzake, ndipo pulasitiki ikalowa m'chifu sigayika. Imaunjikana ndi majumbo amene nyama yatola m'misika ndi m'misewu, chiweto n'kumaonda chikudya, mwini wake osadziwa chimene chavuta mpaka tsiku lochipha.